Tijambule za kwathu, koma tisaiwale kulemba mayina

Teremu yatha tinapempha ophunzira a Fomu 3 kuti aliyense abweretse chithunzi chakale kwambiri chimene angachipeze kwawo. Ambiri anabwera chimanjamanja. Ena anati zithunzi zinanyowa ndi mvula, ena anati zinadyedwa ndi chiswe, ena anati zinali m'foni ya amalume imene inabedwa ku Joni. Mtsikana wina anabweretsa chithunzi chofumbwa cha bambo atavala mkanjo, ataima pambali pa njinga. Titafunsa kuti bamboyo ndani, anati agogo amene ankawadziwa anatisiya chaka chatha. Chithunzi chilipo, koma dzina linapita ndi agogowo.

Ichi n'chifukwa chake ife tikuti yafika nthawi yoti sukulu yathu ikhale ndi gulu la ojambula zithunzi, loti lizijambula moyo wa tsiku ndi tsiku wa kuno ku Mangochi ndi kusunga bwino zimene lajambula.

Mlendo akafika pa boma amaona nsanja yokumbukira Mfumukazi Victoria, mfuti yochokera mu sitima ya Guendolen imene inamenya nawo nkhondo ya 1914 pa nyanja, ndi chikumbutso cha anthu amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Amauzidwanso kuti tawuniyi kale inkatchedwa Fort Johnston. Zonsezi ndi mbiri ndithu. Koma nanga mbiri ya amayi amene ankayanika usipa pa thandala masiku amenewo ili kuti? Zithunzi zakale za dziko lino zimasungidwa m'malo ngati National Archives ku Zomba ndi laibulale ya Society of Malawi mu nyumba ya Mandala ku Blantyre. Zambiri za nthawi ya atsamunda anajambula ndi amishoni, akuluakulu a boma ndi alendo, poti ndiwo anali ndi makamera. Dzina la bwana ankalilemba, koma makolo athu amene anamunyamulira katundu nthawi zambiri ankangokhala nkhope zopanda mayina. Lero kamera ili m'thumba mwathu. Tikalephera kudzisungira mbiri, sitidzakhalanso ndi womuloza chala.

Ena adzafunsa kuti chigayo kapena mjigo n'chojambula chanji, poti timaziona tsiku lililonse. Yankho lili m'zinthu zimene zatha ife tikuona. Ophunzira a Fomu 1 sanaonepo timanyumba toimbiramo telefoni timene tinali pa msika uliwonse. Ambiri sanagwirepo ndalama ya tambala imodzi. Wojambula zithunzi uja ankayenda pa njinga m'midzi nthawi ya chikondwerero, n'kubwera nazo patapita masabata awiri, anasowa mosatsanzika. Palibe anaganiza zojambula zinthu zimenezi chifukwa zinkaoneka zawamba. Momwemonso bwato losema, nkhokwe, mtondo ndi munsi, uvuni wa njerwa, kabaza ndi sileti ya ku madrasa, tsiku lina adzukulu athu adzafuna kudziwa kuti zinkaoneka bwanji.

Koma kujambula kokha sikukwanira. Mafoni athu adzaza kale ndi nkhope zathu zomwe, ndipo palibe chimene tasunga. Gulu limene tikulifunali liyenera kukhala ndi lamulo limodzi lokhwima: chithunzi chilichonse chilembedwe m'kope. Tsiku, malo, dzina la munthu kapena la chinthucho, amene wajambula, ndi mawu awiri atatu amene mwini wake wafotokoza. Ngati ndi msodzi akusoka ukonde, afunsidwe kuti ntchitoyi anaphunzira kwa yani ndipo nsomba zinkagwidwa bwanji ali mnyamata. Apa wophunzira wachita kale kafukufuku wa mbiri, walembanso chimangirizo osazindikira.

Chachiwiri ndi kasungidwe. Foni imabedwa, memori khadi imafa, ndipo chithunzi chikamatumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimachepetsedwa n'kuyamba kuoneka mwachimbuuzi. Zithunzi zabwino zikopedwe pa kompyuta ya sukulu ndi pa fulashi yosungidwa nyumba ina. Zosankhika pang'ono zizitsukidwa teremu iliyonse n'kuikidwa mu alubamu ku laibulale. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anaonetsa anthu a m'chigawo chakummwera kuti chosungidwa malo amodzi chimatha usiku umodzi.

Tikudziwa nkhawa za makolo, ndipo n'zomveka. Lamulo loletsa mafoni m'kalasi lilipo pa zifukwa zabwino, ndipo sitikupempha kuti lichotsedwe. Gululi lingakumane Loweruka m'mawa, mphunzitsi alipo, ndi foni imodzi kapena ziwiri zobwereka zimene zibwezedwe tsiku lomwelo. A Fomu 4 amene mayeso a MSCE awayandikira angathe kupuma kaye.

Nkhawa yaikulu ndi ya ulemu. Kamera m'manja mwa mwana wopanda mwambo imasanduka chida chonyozera anthu. Tonse taonapo zithunzi za anthu ovutika, odwala kapena ochita ngozi zikuyendetsedwa m'mafoni ngati zoseketsa. Gulu lathu liphunzitse zosiyana ndi zimenezi. Palibe kujambula munthu osapempha, palibe kujambula mwana kholo lake lisanavomere, palibe kuika chithunzi cha munthu pa Facebook iye osadziwa. Alipo akuluakulu, amayi ndi abambo omwe, amene safuna kujambulidwa nkhope pa zifukwa za chikhulupiriro kapena zawo chabe. Akakana, nkhani yathera pomwepo. Wophunzira angapemphe kujambula manja awo akuluka mphasa, khasu lawo kapena khomo la nyumba yawo, ndipo mbiri isungika ndithu.

Luso lake silifuna kamera yodula. Pukutani kagalasi ka foni musanayambe. Jambulani m'mawa kapena madzulo, poti dzuwa la masana limadetsa nkhope ndi mithunzi. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu, ndipo yandikirani ndi miyendo m'malo mokoka chithunzi ndi zala. Kenako dikirani. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa inu makolo, tikupempha kuti mutsegule masutikesi aja. Khalani pansi ndi ana anu, atchulireni amene ali pa zithunzi zakale, ndipo alembe kumbuyo ndi pensulo, osati bolopeni imene imadutsa pepala. Kwa a komiti ya mzikiti, pempho lathu n'lakuti nyumba yakale isanagwetsedwe kapena kukonzedwa, mulole ophunzira aijambule kunja ndi m'kati pa nthawi imene inu mungavomereze, ndipo mutiuze amene anaumba njerwa zake. Mayina amenewo ali m'mitu ya anthu ochepa okha, ndipo onsewo ndi achikulire.

Inu ophunzira, musadikire kuti gulu likhazikitsidwe. Tchuthi chikubwerachi sankhani chinthu chimodzi, kaya msika wa kwanu, ntchito ya agogo anu kapena mtengo umene anthu amakumanirapo, muchijambule kangapo ndi kulemba zimene mwamva. Yambani ndi munthu wamkulu kuposa onse m'banja mwanu, ndipo yambani sabata ino.