Mng'oma umene uli pakhonde panga si nkhuni



Ena mwa inu mukabwera kunyumba mumaseka katundu amene ndaunjika pakhonde. Mayi akunyumba amati khonde ndalisandutsa dzala. Lero mundilole ndidziteteze.

Pakhondepo pali ming'oma itatu ya makungwa, mphika wadothi woboola umene munkakhala njuchi, chikho chosungiramo uchi, chofukizira utsi chimene mmisiri wina anakhoma ndi malata, ndi mabotolo akale a uchi. Mng'oma woyamba ndinaupulumutsa pamoto. Agogo ena a m'mudzi woyandikana ndi esiteti ya tiyi atamwalira, adzukulu anautsitsa mumtengo kuti auwaze aphikire nsima ya pamaliro. Ndinawapatsa mtolo wa nkhuni za bulugamu, iwo n'kundipatsa mng'omawo.

Ndikudziwa mundiuza kuti tsabola wakale sawawa. Pena pake mukunena zoona. Mng'oma wa makungwa umapha mtengo, chifukwa amasenda mombo kuzungulira thunthu lonse mpaka mtengowo kuuma. Pofula uchi ndi muuni wa udzu njuchi zambiri zimapsa, zisa za ana zimaphwanyika, ndipo nthawi zina moto umalowa m'tchire. Mng'oma wa matabwa umene unakonzedwa ku Kenya cha m'ma 1970, kapena wa mabokosi umene Langstroth wa ku America analembetsa mu 1852, umakulola kutulutsa chisa chimodzichimodzi osapha njuchi. Sindikuuza aliyense kuti abwerere ku makungwa ayi.

Nanga ndikusungiranji? Tsiku lina ndinanyamula mng'oma umodzi kupita nawo ku Folomu 2. Mtsikana wina anauyang'ana, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, mtengo waukulu chonchi anaupeza kuti?" Funso limeneli linaphunzitsa kuposa manotsi anga onse a teremu imeneyo. Ana athu akula akuona tiyi, bulugamu ndi minda ya chimanga. Sadziwa kuti m'matsitso opita ku Chikwawa munali mombo wochuluka, kapena kuti phiri la Thyolo linali ndi nkhalango yowirira isanadulidwe cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Timagawo totsala, monga ta pa esiteti ya Satemwa, n'tochepa. Khungwa limenelo ndi mboni.

Chachiwiri, njuchi si za uchi wokha. Tiyi timathyola masamba, ndiye safuna njuchi kuti tikolole. Koma makadamiya amene ali m'maesiteti athuwa, mapeyala ndi maungu amabereka bwino njuchi zikanyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa lina. Mwana amene wagwira chisa ndi dzanja, n'kumva fungo la phula, saiwala phunziro limeneli pa mayeso a MSCE.

Chachitatu ndi mawu. Mu 2016 Claire Spottiswoode ndi anzake anasonyeza kuti ku Niassa, m'dziko la Mozambique, mbalame ya nsadzu imazindikira kaitanidwe ka Ayao ofula uchi, ndipo mwayi wopeza njuchi umakwera katatu akaiitana mwanjira imeneyo. Nzeru imeneyi inali mkamwa mwa anthu, osati m'buku. Agogo a mng'oma wanga uja anapita ndi zawo, ndipo ine ndinafika mochedwa. Ndinapulumutsa khungwa, koma sindinafunse kuti ankapaka chiyani mkati kuti njuchi zilowe.

Pempho langa ndi ili. Sukulu iliyonse ikhale ndi kangodya kosungiramo zipangizo zakale zoterezi, ndi pepala lolembapo dzina la chinthucho m'Chichewa ndi m'Chilhomwe, mudzi umene chachokera, ndi ntchito yake. Tumani ana akafunse agogo awo akadali moyo. Sizifuna ndalama za boma, zimangofuna mphunzitsi mmodzi wosaopa kusekedwa.

Inu amene munaphunzira kwa ine, mukapita kumudzi pa tchuthi suzumirani kuseri kwa nkhokwe. Mukapeza mng'oma wakale musauwaze. Pakhonde panga malo akadalipo, bola mayi akunyumba asamve kuti ndanena ndine.