Bungwe la atolankhani la ku Vienna ndi wailesi ya kumudzi: ubale wake uli pati?

Madzulo a pa 7 Epulo 2020, Ibraimo Mbaruco, mtolankhani wa wailesi ya m'dera ku Palma, m'chigawo cha Cabo Delgado, anaweruka ku ntchito n'kuyamba ulendo wa kunyumba. Ali m'njira anatumizira mnzake uthenga pa foni wonena kuti wazunguliridwa ndi asilikali. Kuchokera tsiku limenelo sanaonekenso.

Mbaruco sanali mtolankhani wotchuka wa ku Maputo. Ntchito yake inali yofanana ndi ya anyamata ndi atsikana amene amawerenga nkhani m'Chichewa ndi m'Chinyungwe pa mawailesi a m'madera a chigawo cha Tete: kulengeza maliro, mitengo ya pa msika, tsiku la katemera ndi madandaulo a anthu. Dzina la munthu wotere limaiwalika msanga. Lake likutchulidwabe chifukwa pali mabungwe amene ntchito yawo ndi kusalola kuti nkhani zotere zikwiriridwe. Limodzi mwa akalekale pa mabungwe amenewa ndi International Press Institute, mwachidule IPI.

Bungweli linakhazikitsidwa mu 1950 ku yunivesite ya Columbia mumzinda wa New York, pamene akonzi a nyuzipepala 34 ochokera m'mayiko 15 anakumana patangopita zaka zisanu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Iwo anali ataona mmene maboma ankhanza anagwiritsira ntchito nyuzipepala ndi wailesi ponamiza anthu. Lero likulu lake lili ku Vienna, m'dziko la Austria, ndipo mamembala ake ndi akonzi, atsogoleri a nyumba zofalitsa nkhani ndi atolankhani.

Ntchito yake yakhala ya mbali ziwiri kuyambira pachiyambi. Yoyamba ndi kuteteza: kulemba mayina a atolankhani ophedwa, kutsutsa poyera pamene wina wamangidwa, ndi kutumiza nthumwi kukakambirana ndi maboma. Yachiwiri ndi kuphunzitsa. Mu 1963, chaka chimene Kenya inalandira ufulu, IPI inatsegula maphunziro a utolankhani ku Nairobi motsogozedwa ndi Tom Hopkinson, amene anakhalapo mkonzi wa magazini ya Drum ku South Africa. Cholinga chinali chakuti mayiko ongolandira kumene ufulu akhale ndi atolankhani akwawo odziwa ntchito, osadalira azungu okhaokha. Mu Febuluwale 1994, kutatsala miyezi iwiri kuti South Africa ichite chisankho choyamba cha mitundu yonse, Nelson Mandela analankhula pa msonkhano waukulu wa IPI ku Cape Town, n'kutsindika kuti demokalase singakhale ndi moyo popanda atolankhani omasuka ndi ofufuza.

Pa pepala, Moçambique ili ndi malamulo abwino. Lamulo lalikulu la dziko la 1990 linatsegula ufulu wofalitsa nkhani, ndipo lamulo la atolankhani, nambala 18/91, linatsatira chaka chinzake. Mu 2014 kunabwera lamulo nambala 34/2014, lopatsa nzika iliyonse ufulu wopempha chidziwitso ku maofesi a boma, ndipo ofesiyo iyenera kuyankha pasanadutse masiku 21. Lamuloli si la atolankhani okha. Gulu la alimi likhoza kuligwiritsa ntchito pofunsa za ndalama za msewu kapena za malo operekedwa kwa kampani.

Koma zochitika zakhala zikusiyana ndi zolembedwazo. Carlos Cardoso, mkonzi wa Metical, anawomberedwa ku Maputo pa 22 Novembala 2000 akufufuza za kubedwa kwa ndalama zambiri ku banki ina yaikulu. Amade Abubacar wa wailesi ya m'dera ku Macomia anamangidwa pa 5 Janyuwale 2019 akucheza ndi anthu othawa nkhondo, ndipo anakhala m'ndende miyezi yoposa itatu. Ofesi ya nyuzipepala ya Canal de Moçambique inatenthedwa mu Ogasiti 2020. João Chamusse anaphedwa kunyumba kwake ku KaTembe mu Disembala 2023. Chitatha chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, intaneti ya pa foni inadulidwa kangapo, ndipo amalonda ndi mabanja ambiri anasowa polankhulirana.

Funso limene mlimi wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga angafunse ndi lomveka: bungwe lokhala kutali chonchi lingachite chiyani? IPI ilibe apolisi, ilibe khoti, ndipo singalamule boma lililonse. Mbaruco sanabwerere ngakhale mabungwe alemba makalata ambiri. Mphamvu ya mabungwewa ndi kukumbutsa ndi kuchititsa manyazi, potsatira mawu a akulu akuti mlandu suwola.

Komabe nthawi zina phokosolo limabala zipatso. Mu 2018 boma linatulutsa lamulo nambala 40/2018 lokweza kwambiri ndalama za ziphaso za atolankhani ndi nyumba zofalitsa nkhani. Mtolankhani wotumizidwa kuchokera kunja anayenera kulipira 500,000 meticais pa chaka, ndipo mawailesi ang'onoang'ono anaopa kuti atsekedwa. Bungwe la MISA Moçambique ndi anzake a m'dziko muno anatsutsa, mabungwe akunja anawonjezera mawu awo, ndipo mu 2020 boma linachotsa lamulolo. Phunziro lake ndi lakuti mawu akunja amagwira ntchito pamene m'dziko muli anthu oyamba kulankhula. MISA yeniyeniyo ndi mwana wa dera lino: inabadwa mu 1992, pambuyo pa msonkhano wa atolankhani a mu Africa ku Windhoek mu 1991, umene tsiku lake lomaliza, 3 Meyi, ndilo limakumbukiridwa padziko lonse ngati tsiku la ufulu wa atolankhani.

Mbali ya maphunziro ndiyo imakhudza kwambiri anthu a m'malire. Ufulu umalola mtolankhani kulankhula, koma maphunziro ndiwo amamuthandiza kulankhula zoona. Wophunzitsidwa amadziwa kuti akamva kuti ogula fodya kapena soya akubera pa sikelo, ayenera kumva mbali ya alimi, mbali ya ogula ndi ya akuluakulu a zaulimi asanaulutse. Amadziwa kusiyanitsa uthenga wa ofesi yoona za nyengo ndi mawu ongozungulira pa WhatsApp. Pamene namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè mu Janyuwale 2022, uthenga wolondola wa njira yodutsika ndi malo oopsa unali nkhani ya moyo ndi imfa.

Mphekesera nazo sizifuna chiphaso pa malire. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inafalikira ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo m'dziko la Malawi, ndipo anthu angapo osalakwa anaphedwa. Kumpoto kwa Moçambique, mabodza akuti azaumoyo ndiwo akufalitsa kolera achititsa kuti malo othandizira odwala aphwanyidwe. Mankhwala a bodza lotere ndi mawu a munthu amene anthu amamudziwa, wolankhula chinenero chawo, amene wafufuza asanalankhule.

Apa ndipo pali mpata waukulu. Misonkhano ndi maphunziro ambiri a mabungwe akunja amachitikira m'mizinda ikuluikulu, m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, pamene mawailesi a m'madera amadalira kwambiri anthu ongodzipereka, opanda malipiro okhazikika ndiponso opanda loya. Amenewa ndiwo amakumana pa msika ndi mfumu, wamalonda kapena mkulu wa boma amene amutchula pa wailesi dzulo lake. Mabungwe monga FORCOM, losonkhanitsa mawailesi a m'madera, ndi MISA Moçambique ndiwo mlatho umene thandizo la ku Vienna lingadutsepo kuti lifike ku Ulónguè, Furancungo ndi Zóbuè.

Phindu la IPI ndi mabungwe anzake kwa alimi a m'malire lidzaoneka pa zinthu ziwiri: ngati wowerenga nkhani wa kumudzi waphunzitsidwa kufunsa chifukwa chimene feteleza wachedwa, ndiponso ngati atafunsa akubwerera kunyumba kwake bwinobwino madzulo.