Kuzizira kwa Chiperoni Sikungabereketse Matcheri ku Milange

Mwa nkhani zimene zakhala zikuzungulira pa mafoni ndi m'misika ya m'malire a Malawi ndi Mozambique, pali ina yonena kuti banja lililonse la m'boma la Milange, m'chigawo cha Zambezia, likhoza kudzala mitengo ya matcheri kuseri kwa nyumba, n'kumathyola zipatso zake nyengo yotentha monga amachitira mabanja a ku Ulaya, zotsala n'kumakagulitsa pa mtengo wokwera ku Blantyre kapena ku Quelimane. Matcheri ndi tizipatso tofiira, tokula ngati masau, tokhala ndi nthanga imodzi yolimba m'kati, timene timabereka pa mtengo wa pachibale ndi mapichesi, umene akatswiri a zomera amautcha Prunus avium. Ofalitsa nkhaniyi atsamira pa mfundo imodzi yokha: amati popeza tawuni ya Milange ili m'tsinde mwa phiri la Tumbine, moyang'anizana ndi phiri la Mulanje, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi anthu amagona atafunda mabulangete awiri, ndiye kuti kuzizira kumene mtengowu umafuna kulipo kale. Mfundo imeneyi ndi yolakwika, chifukwa kuzizira kumene thupi la munthu limamva n'kosiyana ndi kumene mtengo wa matcheri umafuna kuti ubereke.

Kwawo kwenikweni, mtengowu umayoyola masamba onse chisanu chikayamba, n'kulowa m'nthawi yopumula imene maluwa ndi masamba a nyengo yotsatira amakhala atatsekeka m'timphukira ta m'nthambi. Kuti timphukirato titseguke bwino ndiponso nthawi imodzi, mtengo umayenera kukhala m'kuzizira kwa pakati pa madigiri 0 ndi 7 kwa nthawi yaitali, ndipo alimi a zipatso amawerenga nthawiyi m'maola, amene amawatcha maola a kuzizira. Mitundu yambiri yodziwika pa msika, monga Bing, imafuna maola kuyambira 700 mpaka kupitirira 1,000 m'chisanu chimodzi, ndipo maola 1,000 ndi masiku oposa 40 a kuzizira kosalekeza usana ndi usiku. Chovuta china n'chakuti masana otentha amafufuta gawo la maola amene mtengo unasonkhanitsa usiku, motero mbandakucha umodzi kapena iwiri yozizira kwambiri sikhala ndi phindu ngati dzuwa la masana likufunda.

Apa ndi pamene chiperoni chimanyengera anthu. Nyengoyi, imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la m'boma la Milange lomweli, lotalika mamita oposa 2,000, imabwera pamene mphepo yachinyontho yochokera ku nyanja ya mchere, kum'mwera chakum'mawa, yakwera m'mapiri n'kusanduka mitambo, nkhungu ndi mvula yamawawa imene imatha masiku angapo osakata. Munthu amanjenjemera chifukwa dzuwa silikuoneka, zovala zanyowa ndipo mphepo ikuwomba, koma mitambo yomweyo imatsekera kutentha kwa nthaka kuti kusathawire kumwamba usiku, kotero kuti choyezera kutentha sichitsika kawirikawiri kufika pa madigiri 7. Ndi nyengo yokomera tiyi, ndipo n'chifukwa chake minda ya tiyi inakhazikitsidwa ku Mulanje, ku Milange ndi ku Gurúè m'nthawi ya atsamunda. Tiyiyo sayoyola masamba ndipo safuna kupumula kotereku. Tawuni ya Milange ili pa mtunda wosafika mamita 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, pafupifupi madigiri 16 kum'mwera kwa ikweta, umene ndi mzere wogawa dziko lapansi pakati. Koma Ficksburg, tawuni ya m'chigawo cha Free State ku South Africa imene imachita chikondwerero cha matcheri m'mwezi wa Novembala, ili pafupifupi madigiri 29 kum'mwera, pa mtunda woposa mamita 1,500, moyandikana ndi mapiri a Maluti a ku Lesotho kumene kumagwa chipale. Nawo matcheri a ku Fundão, amene aliyense wodziwa za dziko la Portugal anamvapo mbiri yake, amalimidwa m'mapiri a Gardunha, kumene m'chisanu madzi amaundana.

Choipa cha mtengo wosowa kuzizira n'chakuti suuma msanga kuti mwini wake azindikire kulakwitsa. Umaphuka masamba mochedwa ndi mwapatalipatali, nthambi zina n'kukhala zopanda kanthu, maluwa n'kutuluka ochepa, lero awiri sabata yamawa atatu, ambiri n'kuthothoka asanagwire. Popeza mtengo womezanitsa, kutanthauza umene nthambi ya mtundu wabwino yalumikizidwa pa tsinde la mtengo wina, umatenga zaka zinayi kapena kuposerapo usanayambe kubereka ngakhale kumene nyengo ikuulola, banja limathirira, kuthira manyowa ndi kutchingira mbuzi kwa zaka zonsezi, likumadzilimbitsa mtima kuti nthawi yake sinakwane. Amene amalangiza zofesa nthanga za matcheri ogula m'sitolo amawonjezera vuto pa vuto linzake, pakuti mtengo womera ku nthanga subereka zipatso zofanana ndi za mtengo umene nthangayo inachokera. Komanso mitundu yambiri siingabereke ndi mungu wa maluwa ake omwe, koma imafuna mtundu wina pafupi, wochita maluwa m'masiku omwewo kuti njuchi zinyamule mungu, ndipo kusowa kwa kuzizira ndi kumene kumasokoneza masiku a maluwawo.

Oikira kumbuyo nkhaniyi akhoza kunena, ndipo sanganame, kuti masiku ano kuli mitundu yosafuna kuzizira kwambiri. Mitundu ya Minnie Royal ndi Royal Lee, imene inapangidwa ndi banja la Zaiger ku California, imakhutira ndi maola pakati pa 200 ndi 300, ndipo minda ikuluikulu ya m'mayiko ofunda imapopera mitengo mankhwala otchedwa hydrogen cyanamide pofuna kudzutsa timphukira, mankhwala oopsa amene sayenera kusungidwa pakhomo pamene pali ana. Koma ngakhale maluwa atagwira, patsala mvula. Ku California zipatsozi zimapsa kunja kuli gwa, pamene kum'mwera kwa Africa mtengo wochita maluwa mu Sepitembala umapsetsa zipatso mu Novembala ndi Disembala, miyezi imene mvula yodzalira imagwa ku Milange, dera limene lili m'gulu la madera a mvula yambiri m'chigawo chonsechi. Tcheri loyamba kufiira likanyowa, khungu lake limamwa madzi n'kung'ambika pafupi ndi phesi, ndipo posakhalitsa mng'aluwo umakhala utachita nguwi. Ena amati mankhwala ake n'kukwera nayo mitengoyi pamwamba pa Tumbine, koma anthu a ku Milange sanaiwale za mu Januwale 1998, pamene matope ndi miyala zinagumuka m'phirimo pakati pa mvula yamphamvu n'kupha anthu ambiri, ndipo kulambula minda m'malo otsetsereka a phiri limeneli sikungakhale uphungu wa munthu wanzeru.

Za msika n'zachidule. Dziko la Chile, limene limatumiza matcheri ambiri kunja kuposa dziko lina lililonse, makamaka ku China, limawaziziritsa mpaka pafupi ndi madigiri 0 patangopita maola ochepa chithyolereni, ndipo amayenda ulendo wonse m'makontena ozizira. Dengu lomangidwa pa njinga, lodutsa pa chipata cha Muloza dzuwa la Novembala lili pamutu, silingafikitse chipatso chotere ku Limbe chili chogulitsika. Alimi a ku Milange akudziwanso mapeto a mbewu yotamandidwa mopyola muyeso, chifukwa pambuyo pa mgwirizano wa Mozambique ndi India wa mu 2016 ambiri anakuza minda ya nandolo, koma mu 2017, India atachepetsa nandolo wolowa m'dziko lake, mtengo unagwa kotheratu. Komabe nandolo anali ndi ubwino woti wosagulidwa ankasanduka ndiwo.

Chimene nkhani yofalayi yalondola ndi chakuti khomo lokhala ndi mitengo ya zipatso ndi chuma, ndipo ana othyola chipatso pakhomo pawo amadya zimene makolo sakanakwanitsa kuwagulira tsiku ndi tsiku. Kungoti mtengo woyenera chikhumbo chimenechi ulipo kale m'derali. Malitchi, zipatso za khungu lofiira lokhakhala ndi mnofu woyera wotsekemera zimene zinachokera kum'mwera kwa China, amafuna nyengo yozizira pang'ono koma yosaundana kuti achite maluwa, imene ndiyo nyengo ya m'tsinde mwa mapiri amenewa, ndipo amapsa mu Novembala ndi Disembala momwemo. M'chigawo cha Manica amalimidwa mpaka kutumizidwa ku Ulaya. Mbande yake mlimi amapanga yekha popanda kugula: amasenda khungwa mozungulira pa nthambi yokula ngati chala, n'kukulungapo dothi lachinyontho m'pepala la pulasitiki, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu, mizu ikaonekera m'pepalamo, amadula nthambiyo n'kuiwokera. Mbande yotere imayamba kubereka pakatha zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo zipatso zake zimakhala zofanana ndi za mtengo umene inadulidwako, umene mlimi anauona ukubereka ndi maso ake. Pambali pa malitchi pali mapeyala, mango omezanitsa, nanazi ndi mabulosi, zimene alangizi a zaulimi a mbali zonse ziwiri za malire amadziwa kasamalidwe kake, ndipo mbande zake zimapezeka m'manazale a m'deralo.