Kuchotsa matumbo a makina si kukonza

Aphunzitsi anzanga ndi inu nonse amene ndinakuphunzitsaniko, lero ndili ndi mkwiyo pang'ono, mundipirire.

Ku America ndi ku Ulaya kwabuka chizolowezi china pakati pa anthu ogula makina akale a masewera, aja oponyamo ndalama yachitsulo. Munthu agula bokosi la Pac-Man, limene Namco inatulutsa mu 1980, apeza kuti silikuyaka. Basi achotsa bolodi yake, ataya sikirini ya galasi ija, aikamo sikirini yopyapyala ndi kakompyuta kodzaza masewera makumimakumi. Kenako ayamba kudzitama kuti wakonza. Wakonza chiyani? Kumeneko nkupha ng'ombe nkudzaza chikopa chake ndi udzu.

Makina ambiri otere sanafe, akungodwala matenda odziwika. Ma capacitor amauma mkati pakapita zaka, chithunzi nkuyamba kupindika kapena kuzimirira. Kuwasintha ndi ntchito ya tsiku limodzi kwa munthu wodziwa kuwotcherera. Makina a pinball a Williams ndi Bally a zaka za m'ma 1990 ali ndi mabatire atatu a AA pa bolodi penipeni, osungira zigoli ndi zina. Akaiwalika amatuluka madzi amene amadya tinjira ta kopa. Mankhwala ake ndi kuwasintha chaka ndi chaka, kapena kuwasamutsira kutali ndi bolodi. Zimenezi nzoti munthu ataye makina onse?

Kukonza kumayamba ndi kudziwa chomwe uli nacho. Pinball yopangidwa isanafike 1977 kawirikawiri ilibe kompyuta mkati, imayenda ndi ma relay ndi mota basi, ndipo vuto lake lalikulu ndi litsiro pa masiwichi. Bolodi ya masewera a pasikirini yokhala ndi mano 56 polumikizira kawirikawiri imakhala ya muyezo wa JAMMA, umene makampani a ku Japan anagwirizana mu 1985. Zakale kuposa apo, kampani iliyonse inali ndi mawaya akeake, ndipo ukalumikiza mwachisawawa uwotcha bolodi.

Tiyeni tione kachikono komenya mpira pa pinball, kamene kanayamba ndi makina a Gottlieb otchedwa Humpty Dumpty mu 1947. Ukasindikiza batani, magetsi amalowa mu koyilo, koyilo isanduka maginito nikoka kachitsulo mwamphamvu. Kachikono kakafika pamwamba, siwichi ina imatseguka ndipo magetsi amayamba kudutsanso mu waya woonda amene amachepetsa mphamvu, kuti koyilo isapse pamene chala chidakali pa batani. Siwichiyo ikapanda kutseguka, koyilo imatentha, fyuzi nkuduka. Wopupuluma amaika fyuzi yaikulu kapena kulumikiza ndi kawaya, monga timachitira ena m'nyumba zathu muno, ndipo chotsatira ndi utsi. Wodekha amatenga mita, nafunsa chomwe chadula fyuziyo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Anzanga a Physics, phunziro lonse lija la maginito a magetsi limene ana amaloweza pokonzekera MSCE lili m'kachipangizo kameneka.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Sikirini za galasi zinasiya kupangidwa, ndipo nzoopsa. Nzoona. Mkati mwake mumakhala mphamvu ya ma volt pafupifupi 20,000, ndipo ina imatsalira ngakhale mutazula pulagi. Safunsa anadya phula, musapisemo dzanja musanaphunzitsidwe kuitulutsa mphamvuyo. Koma kuopsa kwa chinthu ndi chifukwa chophunzirira, osati chotayira. Enanso ati masewerawa anasungidwa kale mu MAME, pulogalamu imene Nicola Salmoria anayamba mu 1997. Ndikuyamika ntchito imeneyo ndi mtima wonse. Koma anthu a MAME amawerenga masewerawo kuchokera pa ma bolodi enieni, ndipo akakayikira china amabwerera ku bolodi lomwelo. Mukataya bolodi, afananitsa ndi chiyani? Nanga pinball, ya mpira wachitsulo weniweni, muiika bwanji m'kakompyuta?

Opanga nawonso ali ndi mlandu. Mu 1993 Capcom inatulutsa ma bolodi a CPS-2 okhala ndi kiyi yachinsinsi yosungidwa ndi batire. Batire likatha, kiyi imafufutika, masewera nkufa ngakhale zina zonse zili bwinobwino. Cholinga chinali kuletsa akuba kukopera, koma wolangidwa anali wogula. Mu 2016 anthu okonda makinawa, osati kampani, ndi amene anapeza njira yobwezeretsa kiyi ija. Ma bolodi amene eni ake anawasunga anadzuka. Amene anatayidwa kudzala anapita basi.

Pempho langa nlosavuta. Amene akufuna masewera ambirimbiri m'bokosi limodzi, apite kwa kalipentala amukhomere latsopano, palibe angamuletse. Koma makina akale awasiye kwa anthu oleza mtima. Ndipo inu ana anga amene muli kunja, mukaona bokosi lotere lafumbi m'galaja ya munthu, muuzeni achotsemo mabatire lero lomwe, alisunge pouma, asatayepo kanthu.