KUCHUKA SI NKHOKWE

M'caka ca 2019 kunatuluka filimu yochedwa We Intend To Cause Havoc, imene anajambula a Gio Arlotta a ku Italy popanda makampani akulu-akulu a sinema. Filimuyi ifotokoza moyo wa a Emmanuel Chanda, odziwika ndi dzina lakuti Jagari, mtsogoleri wa gulu la oyimba la Witch la ku Kitwe. Makolo ndi acinyamata a m'boma la Chongwe ayenera kuiganizira bwino nkhani imeneyi.

M'zaka za m'ma 1970 gulu la Witch linali pakamwa pa ali yense. Mbale yao ya Lazy Bones inatuluka mu 1975, ndipo Boma la a Kenneth Kaunda litalamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za muno m'Zambia, oyimba anaona ngati kunja kwaca. Koma mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama zinasowa m'matumba, ndipo lamulo loletsa kuyenda usiku linapha magule a m'mizinda. Pambuyo pake matenda a Edzi anatenga oyimba ambiri. A Jagari anakhala mphunzitsi wa nyimbo, ndipo pamene ojambula filimu anawapeza, anali kukumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja.

Zoona, dzina lao linaukanso. Ayimba ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 gululi linatulutsa mbale yochedwa Zango. Koma anzao amene anayamba nao nchitoyi sanauone mwai umenewu: anagona kale.

Tsono inu anyamata amene mukwera basi pa mseu wa Great East kupita ku Lusaka ndi gitala pa phewa, mverani. Luso lanu ndi cuma ca dziko, musalikwirire ai. Koma musagulitse munda wa makolo kuti mulipirire kujambula nyimbo. Tsirizani sukulu, phunzirani nchito ya manja, ndipo lembetsani nyimbo zanu ku bungwe la ZAMCOPS, loteteza nchito za oyimba. Musasaine pepala limene simunalimvetse.

Nafenso omvera tili ndi udindo. Woyimba pa ukwati kapena pa mwambo wa Chakwela Makumbi sangaphikire ana ake nthungululu. Timlipire akali moyo, osadikira mlendo kuti adzatikumbutse za mwana wathu. Caona mnzako capita, mawa ciona iwe.