Tayala la thirela musaligule poona mano okha

Nyengo yokolola ikayandikira, mathirela amene anagona chilimwe ndi dzinja lonse kuseri kwa nyumba ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Area 23 amayamba kutuluka. Eni ake ambiri ndi alimi okhala m'tauni: amagona mu mzinda, koma minda yawo ili ku Mitundu, ku Mpingu, ku Nsundwe kapena ku Nkhoma. Ngolo zokokedwa ndi galimotozi ndi zimene zimatuta chimanga, kubweretsa mtedza ku Mgona ndi kukatula mabelo a fodya ku okushoni ku Kanengo. Tsono mwini thirela akapeza tayala limodzi litaphwa pamene linaima, amathamangira ku Biwi kapena ku Malangalanga kukafuna la kaunjika, ndipo chimene amayang'ana ndi chimodzi basi: mano, ndiye kuti timizere tokumbika tija togwira msewu.

"Bwana, taonani mano awa, langotsika kumene kuchokera ku Japan," amatero wogulitsa, akugogoda tayalalo ndi chibakera.

Maganizo anga, alimi anzanga, ndi akuti kagulidwe kameneka n'kolakwika. Tayala la thirela silifa chifukwa chakutha mano. Limafa ndi ukalamba ndi kulemedwa, ndipo zonse ziwirizi zinalembedwa m'mbali mwa tayala momwemo, poyera, kwa aliyense wofuna kuwerenga.

Tiyambe ndi ukalamba. Minibasi ya ku Area 25 imayenda tsiku ndi tsiku, kotero matayala ake amatha mano asanakalambe. Thirela ya mlimi imagwira ntchito miyezi itatu kapena inayi pa chaka, miyezi yotsalayo imangokhala padzuwa. Mphira umauma, umachita ming'alu, ndipo madzi akalowa m'ming'alumo mawaya a m'kati amachita dzimbiri. Kunja tayala likuoneka lanyuwani, m'kati linafa kale.

Tsiku lobadwa la tayala lilipo. Funani pamene palembedwa DOT, tsatirani zilembozo mpaka kumapeto, mupeza manambala anayi m'kabokosi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukaona 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Kawirikawiri manambalawa amakhala mbali imodzi yokha, choncho litembenuzeni. Mukapeza manambala atatu okha, dziwani kuti tayalalo linapangidwa chisanafike chaka cha 2000, lisiyeni akasokere nkhwayira. Mukapeza pamalopo papalidwa ndi mpeni, musafunsenso zambiri, pitani kwa wina.

Azungu ndi anthu a ku South Africa amene timawaona akukoka makalavani awo ogonamo kupita ku Senga Bay ali ndi vuto lomweli, pakuti nawonso ngolo zawo zimangoima chaka chonse kudikira tchuthi. Bungwe lawo la ku Britain, Caravan and Motorhome Club, limalangiza kuti tayala la kalavani lisinthidwe likakwana zaka 5, ndipo lisapitirire zaka 7 ngakhale mano ali odzaza. Kampani ya Michelin imati tayala lililonse likapyola zaka 5 liziyang'anidwa chaka ndi chaka, ndipo likakwana zaka 10 lichotsedwe. Ngati anthu a kudziko lozizira, a misewu yosalala, onyamula matiresi ndi mapoto akuopa chotero, nanga ife a dzuwa la Okotobala, onyamula matumba pamsewu wa zigwembe?

Tsopano nkhani ya kulemera, imene ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa ndi pamene ndalama ndi miyoyo zikutayikira.

Tengani tayala la galimoto yaing'ono lolembedwa 175/70 R13 82T, mtundu umene wadzaza m'misika yathu. Nambala 13 ndi kukula kwa limu. Nambala 82 ija sinalembedwe mokongoletsa ayi, ikunena katundu amene tayalalo lingasenze, ndipo 82 amatanthauza makilogalamu 475. Thirela ya ekiselo imodzi ili ndi matayala awiri, ndiye kuti onse pamodzi angasenze makilogalamu 950. Koma thirelayo payokha, ndi zitsulo zake zowotcherera ku Mchesi, ili ndi kulemera kwake. Tiyerekeze kuti ndi makilogalamu 250. Otsala ndi 700, amene ndi matumba 14 a makilogalamu 50. Ku America lamulo limati tayala la galimoto yaing'ono likaikidwa pa thirela, mphamvu yake ichepetsedwe ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo 10, ndipo tikatsata pamenepo matumba aja atsika kufika 12.

Matumba 12! Kodi ndani mwa ife anabwerako ku munda ndi matumba 12 okha pa thirela, petulo akudula chonchi? Timasanja 25, pamwamba pake nkhuni, pamwamba pa nkhuni anyamata awiri aganyu.

Tsono yerekezani ndi tayala lolembedwa 165 R13C 94/92, lolowa pa limu yomweyo ya 13. Chilembo C chikusonyeza kuti linapangidwira galimoto zonyamula katundu, m'mbali mwake ndi molimba, ndipo nthawi zambiri mupezanso palembedwa 8PR. Nambala 94 ndi makilogalamu 670. Awiri asenza 1,340, kuchotsapo thirela ija mutsala ndi matumba 21. Amene ali ndi malimu a 14 angapeze 195 R14C 106/104, lija la mapikapu ndi maminibasi, limene limasenza makilogalamu 950 lokha. Nambala yachiwiriyo, 92 kapena 104, ndi ya pamene matayala amangidwa awiriawiri mbali imodzi monga kumbuyo kwa lole, inu isakusokonezeni. Komabe tayala lamphamvu silisandutsa thirela kukhala lole. Ekiselo, masipuling'i ndi chokokera zili ndi malire awonso, ndipo thirela yopangidwa kufakitale monga Venter imakhala ndi kachitsulo kolembedwa malirewo.

Ndikudziwa chimene ena anene: tayala latsopano la C ndi ndalama zambiri. N'zoona. Matayala timachita kuitanitsa kunja, ndipo chiyambire pamene kwacha inasiyidwa kuti iziyandama mu 1994, kufikira pamene inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chilichonse chochokera kunja wakhala ukungokwera. Sindikunyozanso anyamata ogulitsa matayala a kaunjika. Akudyetsa mabanja awo, ndipo ena mwa iwo amadziwa matayala kuposa amene amakhala m'masitolo a magalasi. Koma tawerengerani bwino. Tayala likaphulika pa msewu wa M1 madzulo, mabelo a fodya ali pamwamba, mvula yamawawa ikuwaza, mudzalipira galimoto ina yodzatenga katundu, mudzalipira wolondera usiku, limu idzakhala itapindika, fodya wonyowa adzabwezedwa ku okushoni. Imeneyo ndi ngozi yabwino. Yoipa ndi iyi: tayala la thirela likaphulika dalaivala samva msanga monga amamvera la kutsogolo. Thirela imayamba kuvina, imakoka pikapu kumbuyo, ndipo oyamba kugwa ndi anthu okhala pamwamba pa matumba aja, kapena mayi amene amangodziyendera m'mbali mwa msewu ndi dengu pamutu.

Ngati thumba silikulola ndithu ndipo mugula la kaunjika, gulani ngati munthu wogula ng'ombe pa msika. Musalole kuti akugulitseni lili kale pa limu. Lichotsedwe, mulowetse dzanja m'kati, mufufuze zigamba. Chigamba cha pakati pamene pamaponda msewu chikhoza kupirira, koma cha m'mbali ayi, pakuti m'mbali ndimo mopindika nthawi zonse. Likanikizeni ndi bondo muone ngati ming'alu ikutseguka. Chotupa chilichonse m'mbali ndi chizindikiro chakuti ulusi wa m'kati unaduka. Yang'aninso pansi pa timizere: ngati mukuoneka mosalala mwachilendo, mopanda timizere topingasa tija tosonyeza malire a mamilimita 1.6, ndiye kuti mano amenewo anachita kusemedwa ndi chitsulo chamoto. Tayala lololedwa kusema ndi lokhalo lolembedwa REGROOVABLE, ndipo amenewa ndi a malole akuluakulu, osati a galimoto zazing'ono.

Palinso msampha wina umene ambiri sitiudziwa. Mwa matayala ochokera ku Japan ndi ku Ulaya muli ena opangidwira nyengo ya chisanu. Mudzawazindikira ndi mawu akuti STUDLESS kapena kachithunzi ka phiri kokhala ndi kanyenyezi ka chipale m'kati, ndiponso timing'alu tambirimbiri tokhotakhota pamano. Amenewa ndiwo amakopa maso kwambiri pamsika chifukwa mano ake ndi akuya. Mphira wake ndi wofewa, wopangidwira msewu wozizira, ndipo pa tala wotentha wa ku Salima umangosungunuka ngati sopo.

Kutentha ndiye mdani wamkulu, ndipo kumachokera m'kati mwa tayala lenilenilo. Mpweya ukachepa, m'mbali mumapindika kwambiri pa kuzungulira kulikonse, mphira umatentha, kenaka chikopa chapamwamba chimasendeka. Ngakhale mafakitale akuluakulu zinawaonekerapo: mu Ogasiti 2000 kampani ya Firestone inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni ku America atayamba kusendeka pa galimoto za Ford Explorer, makamaka m'madera otentha. Apa ndiye pali cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri kwa opopa matayala m'mbali mwa msewu: tayala lililonse amalipatsa mpweya wa galimoto yaing'ono, 30 kapena 32. Tayala la 195 R14C limasenza makilogalamu 950 aja pokhapokha lili ndi mpweya wa 65 psi. Mukalipopa 32, mwalipira mtengo wa tayala lamphamvu koma mwatenga lofooka. Nambala yake inalembedwa m'mbali momwemo pafupi ndi mawu akuti MAX LOAD. Yezani m'mawa musananyamuke, ndi geji, osati ndi chidendene, ndipo musaphwetse tayala panjira poona kuti latentha.

Matayala awiri a pa ekiselo imodzi akhale ofanana kukula ndi mtundu. Sipeya ikhale ya thirelayo, chifukwa mabowo a limu ya pikapu yanu mwina ndi 6 pamene a thirela ndi 4, ndipo zimenezi munthu amazizindikira mochedwa, ali pa Nathenje usiku.

Kodi ndiye kuti tayala lokalamba lilibe ntchito? Ili nayo. Malo ake ndi pa ngolo ya ng'ombe kapena ya abulu. Ngolo imayenda liwiro la munthu wapansi, tayala silitentha, ndipo likaphwa palibe amene amagubuduzika. Kumeneko tayala la zaka 12 lokhala ndi chubu chabwino likhoza kutumikira nyengo zingapo, bola lisalemedwe. Chimene ndikukana ine ndi kutenga nzeru za pa ngolo ya abulu n'kuziika pa ngolo yothamanga makilomita 80 pa ola.

A Malawi Bureau of Standards ndi a Road Traffic ndikanakonda atatuluka m'maofesi nyengo ino, n'kukaimika matebulo ku Biwi, ku Mgona ndi m'misika ya kumidzi, kuphunzitsa ogula ndi ogulitsa omwe kuwerenga manambala amenewa m'Chichewa. Pepala limodzi lomata pakhoma, losonyeza kuti 82 ndi matumba angati ndipo 94 ndi matumba angati, lingathandize alimi ambiri kuposa chindapusa cha pa rodibuloko. Alangizi a zaulimi nawo, amene amatiphunzitsa kusunga chimanga kuti chisafumbwe, angawonjezepo phunziro limeneli pa misonkhano ya makalabu.

Ntchito yotuta ikatha mu Ogasiti, thirela musaisiye itaponda dothi. Ikwezeni pa njerwa kapena pa zipika kuti matayala alendewere, aphimbeni ndi masaka akale kuti dzuwa lisawaombe, ndipo musawapake oyilo wakutha poganiza kuti mukuwafewetsa, pakuti oyilo amadya mphira.