Chibale Sichiola, Koma Nkhalamba Sidikira Mpaka Kalekale

"Chibale ndi fupa, sichiola," umatero mwambi wodziwika m'Malawi monse, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti ubale wa magazi sutha ngakhale abale atakangana, atatalikirana kapena atatha zaka osaonana. Mwambiwu ndi woona, koma masiku ano wasanduka pobisalira pa ana ndi adzukulu amene anachoka kumudzi, chifukwa umawakhazika mtima pansi kuti popeza ubale sungafe, palibe chifukwa chofulumirira kukaona kholo lokalamba. Chimene mwambiwu sunena n'chakuti fupa limakhalitsa kuposa mwini wake. Ubale udzatsala ndithu, koma gogo amene akudikira kuchezeredwa watsala ndi zaka zowerengeka, ndipo m'Chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, zaka zimenezo zimafupikitsidwanso ndi kutentha, njala ndi madzi osefukira.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, oposa theka mwa iwo ali osakwana zaka 18, pamene a zaka 60 kupita m'tsogolo anali pafupifupi 5 mwa anthu 100 alionse. M'dziko la ana chotere maso a boma ndi mabungwe amakhala pa sukulu, pa katemera ndi pa ntchito za achinyamata, zomwe n'zoyenera, koma zotsatira zake n'zakuti okalamba, pokhala ochepa, saoneka. Ku Chikwawa kunawerengedwa anthu oposa 560,000 ndipo ku Nsanje pafupifupi 300,000, ndipo ambiri mwa okalamba a m'maboma awiriwa sanalembedwepo ntchito yokhala ndi penshoni, kutanthauza ndalama zimene munthu amalandira mwezi ndi mwezi akapuma pa ntchito. Moyo wawo wonse analima thonje, mapira ndi mchewere, anadzala chimanga ndi mbatata m'madimba madzi akaphwa, anaweta ng'ombe ku Ngabu kapena kuwedza milamba m'madambo a Elephant Marsh ndi Ndinde. Mphamvu zikatha, chimene amatsala nacho ndi anthu amene akuwakumbukira.

Makolo a m'chigwachi anali nalo yankho pa funso lakuti wosamala nkhalamba ndani, ndipo yankholo linali m'njira ziwiri. Amang'anja, amene mfumu yawo yaikulu ndi Lundu, amatsata mtundu wa kuchikazi: mwamuna ankakakhala kwa mkazi pa chikamwini, ndipo mayi wokalamba ankazunguliridwa ndi ana ake aakazi ndi adzukulu, pansi pa mwinimbumba, amene ndi mlongo wake kapena malume woyang'anira banja lonse. Asena amatsata mtundu wa kuchimuna: chuma cha ukwati chikaperekedwa mkazi amapita kwa mwamuna, ndipo makolo amakalambira pakati pa ana awo aamuna ndi apongozi. Njira iliyonse inali ndi anthu amene inkawasiya pambali. Bambo wachimang'anja amene mkazi wake wamwalira ankatha kupezeka kuti ndi mlendo m'mudzi umene walimamo zaka makumi anayi, ndipo mayi wamasiye wachisena wopanda mwana wamwamuna ankakhala wopanda womuyankhulira pa nkhani za munda. Komabe anthu oterewa sankangosiyidwa kugona ndi njala okhaokha, ndipo chimodzi mwa zimene zinkawateteza chinali chidyerano.

Chidyerano unali mwambo wakuti mabanja oyandikana azidyera pamodzi, mayi aliyense atabweretsa nsima ndi ndiwo zimene waphika, amuna kumbali yawo, amayi ndi ana kumbali yawonso. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala, amene anafufuza kwa zaka zambiri za moyo wa anthu a m'chigwachi, anasindikiza buku mu 2005 lotchedwa The End of Chidyerano, ndipo dzina lokhalo likuonetsa kuti iye anaona kutha kwa mwambowu ngati chinthu chachikulu m'mbiri ya chakudya m'Malawi. Ubwino wa chidyerano kwa wokalamba unali wakuti sankafunika kupempha. Mbale yake ikachepa kapena ikapanda kubwera, dzanja lake linkalowabe m'mbale za ena popanda womuwerengera mbamu, ndipo manyazi a kupemphetsa, amene amapweteka munthu wamkulu kuposa njala yeniyeniyo, sankamufika. Panalinso phindu lina limene silitchulidwa kawirikawiri: amene sanaoneke pa chakudya ankadziwika tsiku lomwelo, moti matenda a nkhalamba sankatha masiku awiri mudzi usanamve. Pamalo pomwepo wokalamba ankamva za milandu, za maukwati ndi za mitengo ya thonje, nayenso n'kunenapo zake, ndipo ana ankaphunzira mayina a makolo awo popanda wowaitanira ku phunziro. Kuchezerana sikunali kudikira kukoma mtima kwa munthu mmodzi. Kunali m'dongosolo la tsiku lililonse, monga kutunga madzi kapena kusonkha moto.

Mwambowu unatha pang'onopang'ono pamene chakudya chinayamba kugulidwa ndi ndalama, minda kuchepa, ndipo banja lililonse kuyamba kudyera m'nyumba mwake. Si nzeru kulirira kuti ubwerere monga unalili, chifukwa moyo umene unkaubereka unapita. Koma ntchito imene unkagwira, yoonetsetsa kuti wokalamba waonedwa ndi maso a munthu tsiku lililonse, idakalipo ndipo yasowa woigwira.

Kuchoka kwa achinyamata si chinthu chachilendo m'chigwachi. Amene ali agogo lero ndi omwe anaona abambo ndi achimwene awo akupita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba, ena ku minda ya ku Rhodesia, mpaka pamene boma la Kamuzu Banda linaimitsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, ndipo ngakhale unayambiranso, unadzatheratu mu 1988. Ena mwa opitawo sanabwerere, ndipo ankatchedwa machona. Lero ana akupita ku minda ya nzimbe ku Nchalo, ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mozambique ndi ku Johannesburg, koma mosiyana ndi nthawi ya makalata oyenda miyezi, iwo ali ndi foni m'thumba, ndipo ndalama zotumizidwa pa Airtel Money, pa Mpamba kapena pa Mukuru zimafika tsiku lomwelo. Zimenezi siziyenera kupeputsidwa, pakuti ndalama zotere zagula matumba a chimanga ndi malata m'midzi yambiri, ndipo mwana amene amatumiza nthawi zonse akuchita chinthu cholemekezeka. Vuto lili pa kuganiza kuti foni yatha zonse. Gogo amene maso achita khungu kapena sanapite kusukulu amadalira mdzukulu kuti amuwerengere uthenga ndi kusunga nambala yachinsinsi, ndipo ndalamazo amakazitenga wina kwa ejenti ku Bangula, ku Ngabu kapena ku Nchalo, iye osadziwa kuti zinatumizidwa zingati. Foni imafuna moto ndi netiweki, zinthu zimene m'midzi yambiri n'zosadalirika. Choposa apo, kuyankhulana kwa pafoni kumafupika mpaka kutsala nkhani ziwiri, ndalama ndi maliro, ndipo kholo limene limayankha kuti "tili bwino, kaya inu kumeneko" silinena kuti denga likudontha kapena kuti mwendo watupa, poopa kuvutitsa mwana amene akuvutika kale kuchilendo.

"Madzi saiwala khwawa," ndipo anthu a m'chigwa sachita kuuzidwa zimenezi. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudula dera la Makhanga kwa Mfumu Mlolo, moti kunkafikika pa bwato kapena pa ndege yokha, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 200,000 anasowa pokhala. Mu Marichi 2019 kunabwera mvula yoopsa ya namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la magetsi la Kapichira ku Chikwawa n'kusiya dziko mumdima, ndipo mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anathamangitsa m'nyumba zawo anthu oposa 600,000. Madzi otere kawirikawiri amafika usiku, ndipo pa nthawiyo mwana wa ku Johannesburg, ngakhale akhale wokonda makolo chotani, sangathe kubereka mayi ake kumsana kupita nawo pachulu kapena kuwakweza mumtengo. Wopulumutsa nkhalamba ndi amene akugona nyumba yoyandikana nayo, amene akudziwa kuti siimva bwino moti chenjezo la pa wailesi ya Nyanthepa kapena Gaka silinaifike, ndiponso amene ali ndi bwato. Kuchezerana kumene m'madera ena kumaoneka ngati nkhani ya ulemu chabe, kuno n'kumene kumasiyanitsa wopulumuka ndi wokokoloka.

N'chifukwa chake nkhani ya kusamukira kumtunda iyenera kuonedwa ndi maso a okalamba. Boma lakhala likulimbikitsa anthu a m'madera monga kwa Nyachikadza kuti achoke, ndipo ambiri akhala akukana, ponena kuti nthaka ya kumadimba imawapatsa chakudya chimene kumtunda sangachipeze. Amene amanyoza kukanaku kuti ndi kuuma mutu amaiwala kuti kwa munthu wa zaka 75 kusamuka ndi kusiya manda a mwamuna wake ndi a ana ake, kusiya dimba limene angathe kufikako ndi ndodo, ndi kusiya anzake awiri kapena atatu amene atsala a msinkhu wake. Kusamuka m'malo oopsa n'koyenera ndipo moyo ndi umene uli patsogolo, koma pogawa malo atsopano pafunika kuti oyandikana akhalebe oyandikana, m'malo mongotsata mndandanda wa mayina monga walembedwera ku ofesi. Wachinyamata amapeza anzake atsopano pa mpira ndi pamsika. Wokalamba akataya mnzake sapezanso wina.

Kusungulumwa kuli ndi ngozi inanso yoipitsitsa. Nkhalamba yokhala yokha, yoiwalaiwala, yoyankhula yokha kapena yosochera usiku chifukwa cha matenda a ubongo obwera ndi ukalamba, ndi imene imalozedwa chala mwana akamwalira m'mudzi. Mu Januwale 2016 ku Neno, boma la kumpoto kwa chigwachi, okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa powaganizira kuti ndiwo anachititsa mphenzi imene inapha mtsikana, ndipo bungwe la MANEPO, limene limaimira mabungwe a anthu achikulire, lakhala likudandaula chaka ndi chaka za imfa zofanana ndi zimenezi. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lapadera loteteza anthu achikulire. Malamulowa ndi ofunika, koma apolisi amafika zinthu zitaonongeka kale. Chimene chimatseka pakamwa woneneza ndi kudziwa kuti gogoyo ali ndi eni ake, kuti ana ake amabwera, kuti a mpingo amalowa m'nyumba mwake, kuti nyakwawa imadziwa za umoyo wake. "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo," ankatero akale, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti onenezawo nthawi zambiri amakhala a m'banja lomwelo, amene analeredwa ndi manja omwewo.

Okalamba nawonso ali ndi mbali yawo, ndipo kuinena si kuwachitira mwano. "Kupatsa n'kuika": ubwenzi umene munthu adzaufune pa zaka 70 umamangidwa pa zaka 40, pa maliro amene anapitako, pa odwala amene anakawazonda, pa mlandu umene anavomera kuti uthe. Bambo amene anaiwala kwawo pamene malipiro ankabwera, kapena mayi amene anakhala moyambana ndi apongozi onse, amadzapeza kuti fupa lija lilipodi koma lilibe mnofu. Agogo ambiri a m'chigwachi, makamaka amayi, anaika zambiri kuposa zimene adzalandire, chifukwa ndiwo analera ana amasiye pa zaka zimene Edzi inkapha makolo, mankhwala aulere asanayambe kuperekedwa mu 2004. Amene akutha kuyenda ayenera kupitirizabe kupezeka ku Mvano, ku miphakati ya Akatolika, kumzikiti ndi ku magulu a banki m'khonde, kumene amayi amasonkha ndalama n'kumabwerekana, pakuti magulu amenewa ndi amene atsala ndi chizolowezi chofunsa chifukwa chimene wina sanabwere. Ndipo achinyamata amene amati okalamba alibe chowauza angachite bwino kufunsa kuti ndani akudziwa malire a munda wa banja, ndani akukumbukira pamene madzi anafika mu 1997 pomwe njira ya ku Chiromo inaduka, ndiponso ndani akudziwa kukonza nyika, mizu ya m'madzi imene imadyedwa chaka cha njala. Pa nkhani zoterezi mwambi wakuti "akulu ndi mdambo mozimira moto" ukugwirabe ntchito.

Thandizo la Mtukula Pakhomo, limene linayamba mu 2006 ku Mchinji ndipo linafalikira m'maboma onse, limafikira mabanja ovutikitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwirira ntchito, ndipo ambiri mwa iwo ndi a agogo. Komabe limatenga gawo lochepa la mabanja, ndipo ndalama sizitunga madzi kapena kufolera nyumba. Zimene zatsala zili m'manja mwa anthu wamba. Makomiti a m'midzi oona za ngozi zadzidzidzi angathe kulemba, mvula isanayambe, dzina la wokalamba aliyense wogona yekha pamodzi ndi dzina la munthu amene adzamutenge madzi akadzakwera. Mipingo ingathe kugawana masiku a sabata kuti pasapite tsiku gogo wotere asanadye ndi munthu. Mwana wa kutali angathe kuimba foni tsiku limene palibe vuto, kuyankhula ndi kholo lenilenilo osati ndi wosunga foni yekha, ndi kudziwana ndi oyandikana nalo powapatsa ulemu umene ukuwayenera. Ndipo amene amabwera kumudzi kamodzi pachaka angasankhe Okutobala kapena Novembala m'malo mwa Khirisimasi, ngakhale kuti ndi nthawi imene kutentha kumapitirira madigiri 40, chifukwa ndi pamene denga lingakonzedwe, munda ungasosedwe, ndipo banja lingagwirizane kumene agogo akakhale kuyambira Januwale mpaka Marichi.